Tsiku Limene Ufumu Wonse Unalemba Sosho

Ufumu wa Zilibwino simungaupeze pa mapu. Sikuti ndi waung'ono ayi, koma amene anapatsidwa ntchito youjambula akudikirabe pensulo kuchokera kulikulu. Likulu lakelo ndi mzinda wa Tavomera, ndipo pamwamba pa phiri la mumzindawo pali nyumba ya Mfumu Sindilakwa Wachitatu, mwana wa Sindilakwa Wachiwiri, mdzukulu wa Sindilakwa Woyamba. Onse atatuwa sanalakwepo.

Kumunsi kwa phirilo, pa sukulu ya pulayimale ya Dikirani, panali mphunzitsi dzina lake Yotamu Kachingwe. Kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri a Kachingwe ankaphunzitsa Sitandade 8 phunziro la chikhalidwe cha anthu ndi unzika, limene aliyense amangoti Sosho. Phunziroli ankalikonda ngati mmene ena amakondera mpira. Ankadziwa pamtima nthambi zitatu za boma, maufulu khumi ndi anayi a nzika, komanso njira imene madzi a m'mipopi amadutsa kuti afike m'nyumba za anthu, ngakhale kuti kwawo ankatunga pachitsime. Koma chimene anatchuka nacho n'chakuti sanapatsepo munthu malikisi aulere. Mwana wa abusa anapezako ziro kwa iwo. Mwana wawo weniweni, Sungeni, anabwereza kalasi, ndipo amene anachonga pepala lake anali bambo ake.

Mkazi wawo, Nankhoma, ankagulitsa kaunjika mumsika wa Nong'onezani. Benchi yawo inali yachitatu kuchokera pageti, pamthunzi, pamalo poti wolowa aliyense ayenera kudutsa. Amene anawasiyira malowo ndi malemu mayi awo, ndipo amalonda ambiri ankawayang'ana ndi diso la nkhwenzule. Benchi imeneyi ndiyo inkadyetsa banja, pakuti malipiro a mphunzitsi mu Zilibwino ali ngati mlendo wochokera kutauni: amafika mochedwa n'kutsanzika tsiku lomwelo.

Mavuto anayamba pa Tsiku Lothokoza Mfumu. Anthu anadzaza bwalo ndipo anayamba nyimbo ya fuko. Ndime yoyamba anaiimba bwino. Yachiwiri anaitafuna. Pofika yachitatu, imene imatchula mayina onse khumi ndi asanu ndi awiri a Mfumu, bwalo lonse linkangoti ng'uu ngati njuchi mumng'oma. Mfumu inamva.

M'mawa mwake inaitanitsa nduna zonse. Pabwalo la nduna la Zilibwino pali mwambo wake: Mfumu ikamalankhula, nduna zimawomba m'manja isanamalize chiganizo, chifukwa amene wawomba pomaliza amatumizidwa kukalondera nkhalango ya Mulibenyama.

"Anthu anga andiiwala," inatero Mfumu, ndipo manja analira. Inakweza chala, manja anatonthola. "Ndime yachitatu aidya."

A Gwadani, Nduna ya Zamaphunziro, anatsika pampando n'kuyenda ndi maondo mpaka pakati pa bwalo.

"Wamkulukulu, Mthunzi wa Osauka, Mvula ya Mwezi Uliwonse, vuto si kuiwala. Vuto ndi umbuli. Ana asukulu ndime imeneyo amaiimba mpaka mitsempha kutuluka m'khosi, chifukwa amaphunzira Sosho. Akuluakuluwa Sosho anaisiya kalekale. Nanga munthu wopanda Sosho tingamutche nzika?"

Nduna ya Zaulimi inanena chapansipansi kuti mwina mayinawo angochepetsedwa kuti akhale khumi. Madzulo a tsiku lomwelo inaoneka pa siteji ya basi, itanyamula bulangete ndi legeni.

Patapita masiku awiri, mthenga wa kunyumba yachifumu anaima pageti la msika ndi chimkuzamawu.

"Tamverani, tamverani! Aliyense wopuma mpweya wa ufumu uno, wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu kupita m'tsogolo, alemba mayeso a Sosho a Sitandade 8. Wokhoza alandira chiphaso cha unzika. Wolephera si nzika. Sadzakhalanso pa benchi ya mumsika, pa mpando wa mu ofesi, kapena pa mpando wina uliwonse waulemu!"

Mawu akuti "aliyense wopuma mpweya" anawaikamo ndi a Gwadani chifukwa ankamveka bwino m'khutu. Mfumu inawakonda kwambiri moti inalengeza kuti nayonso ilemba, kuti anthu aonere chitsanzo.

"Nanga ife a mphumu, opuma theka?" anafunsa mkulu wina wogulitsa makala. "Tilemba theka la pepala?"

"Inu musadandaule," anayankha mayi wa tomato. "Zimene mumapumazo ndi fumbi la makala. Mpweya wa Amfumu simunaukhudze."

Mu ufumu wonse munthu mmodzi yekha ndiye anakondwa ndi mtima wonse: a Kachingwe. Phunziro limene aphunzitsi anzawo ankalipatsa nthawi ya masana, ana atatopa, tsopano linali chitseko cholowera mu ufumu. Anafika kunyumba buku lili kukhwapa, napeza Nankhoma ali pakhonde, akusankha malaya a m'belo latsopano.

"Amake Sungeni, siyani kaye zimenezo. Tchulani nthambi zitatu za boma."

"Amfumu, akazi awo ndi alamu awo," anayankha Nankhoma osadzutsa mutu.

"Ayi. Buku likuti opanga malamulo, oyendetsa boma ndi oweruza milandu."

"Woweruza wamkulu ndi ndani?"

"Ndi alamu awo a Amfumu, koma..."

"Makiyi a nyumba ya malamulo amasunga ndani?"

"Mayi a Fuko, akazi a Amfumu. Komatu buku..."

"Bukulo linayamba lakwerako kuphiri kuja?"

A Kachingwe anakhala pansi. Anayesa funso lina, la kumene nzika iyenera kupita ikakhala ndi dandaulo. Nankhoma anati ipite kunyumba ikagone. Anayesa la ntchito ya msonkho. Nankhoma anati umagula matayala a galimoto zimene zimawaza matope pa malaya awo.

"Mayi, izi si nthabwala. Mukalemba zimenezo mulephera. Mukalephera, benchi yapita. Mwaona mmene akazi a a Mponda, ogulitsa padzuwa aja, amaiyang'anira?"

Apa Nankhoma anasiya kupinda malaya.

"Bambo a Sungeni, ine ndimagulitsa zovala zakale, koma sindinamuuzepo munthu kuti ndi zatsopano. Komabe benchi ija ndi ya amayi anga. Bweretsani bukulo. Ndimeza."

Anayesetsadi. Kwa milungu itatu ankaloweza popita kumsika, pobwera, ngakhale pochapa. Msika wonse unkaloweza. Wogulitsa nsomba zouma ankati akamathamangitsa ntchentche n'kumatchula maufulu a nzika, ndipo akafika pa ufulu wa madzi aukhondo ankaseka mpaka kuiwala pamene analekeza.

Kumtunda zinthu zinali zosavuta. Masiku atatu mayeso asanafike, a Gwadani anagawira nduna zonse ndi akuluakulu a m'maofesi likasa, mayankho onse makumi asanu olembedwa pa kapepala kokwana m'sokosi. Anapereka kamodzi kwa Mfumu, atakaika m'mbale yagolide. Mfumu inakakankha.

"Ine ndiwerenge zonena za ufumu wanga womwe? Gwadani, silabasi ndi ine."

Tsiku la mayeso ufumu wonse unatseka. Anthu analembera m'matchalitchi, m'mashedi a fodya, pansi pa mitengo. Aphunzitsi nawonso analemba, ndipo a Kachingwe anamaliza ena asanamalize kusongola mapensulo. Mfumu inalembera m'chipinda chake ndi cholembera cha inki yapepo, ojambula zithunzi atazungulira. Koma lamulo la mayeso mu Zilibwino ndi lakale kuposa mafumu atatu onse: pa pepala sipalembedwa dzina, pamalembedwa nambala, ndipo mapepala onse amathiridwa m'matumba n'kusakanizidwa. Woyang'anira mayeso wa kunyumba yachifumu anali atagwira ntchitoyo zaka makumi atatu. Manja ake anachita zimene anazolowera. Anatola pepala lachifumu, n'kuliponya m'thumba limodzi ndi la wophika tiyi.

"Zayenda bwanji?" a Kachingwe anafunsa mkazi wawo atakumana panjira.

"Ndinalowa nazo zonse m'mutu," anatero Nankhoma. "Koma nditagwira cholembera, dzanja linayamba kulemba zimene maso anaona. Ndinalikalipira, silinamve."

Ochonga mayeso anatsekeredwa m'holo ya sukulu ya sekondale ya Tavomera, a Kachingwe ali m'gulumo. Mkulu wa ochonga, Mayi Matewere, anawakumbutsa malamulo awiri a ntchitoyo. Loyamba: tsatirani kiyi, ndiye kuti mndandanda wa mayankho olondola, umene Mfumu inasayina ndi dzanja lake. Lachiwiri: yankho lofanana, malikisi ofanana, kaya walemba ndi mbale wako kaya mdani wako.

Kwa masiku atatu a Kachingwe ankangolemba ziro pambuyo pa ziro. Pa funso lakuti khonsolo imagwira ntchito yanji, wina analemba kuti imathamangitsa. Pa funso lakuti tchulani msewu waukulu wa mu ufumu uno, wina anafunsa ngati akunena wa chilimwe kapena wa dzinja. Panthawi ndi nthawi pankatuluka pepala lokhoza zonse, mawu ake ofanana ndi kiyi mpaka pa mpumiro, ndipo mapepala oterowo ankanunkha sokosi.

Tsiku lachinayi m'mawa anatola pepala lina. Zilembo zake zinali zopendekera kumanzere ngati chimanga chowombedwa ndi mphepo. Zilembo zimenezo anazidziwa kalekale, pa kalata yoyamba ya Nankhoma imene inawayankha kuti akaonekere kwa amalume.

Anawerenga funso loyamba mpaka lomaliza. Panalibe ngakhale limodzi logwirizana ndi kiyi. Panalibenso ngakhale limodzi labodza.

Anagwira cholembera chofiira. Palibe amene akanadziwa. Mayi Matewere anali kutali, akukangana ndi wophika za shuga wa mu tiyi. Kungochonga mafunso makumi awiri ndi asanu basi, benchi n'kupulumuka. Koma dzanja limene linabwerezetsa Sungeni kalasi linakana kutsika. Kuti alembe ziro, nalonso linakana. Analowetsa pepalalo pansi pa mulu, ngati munthu wobisa kalata ya kuchipatala.

Anachonga ena makumi awiri osaona bwinobwino zimene akuchonga. Kenako, dzuwa litapendeka, anatola pepala lonunkhira mafuta okwera mtengo, lolembedwa ndi inki yapepo, zilembo zikuluzikulu ngati za pa chikwangwani.

Nthambi zitatu za boma: "Ine, mkazi wanga ndi alamu anga."

Nduna imasankhidwa bwanji: "Ndikadzuka bwino."

Nzika ikakhala ndi dandaulo ipite kuti: "Kwawo."

Ntchito ya msonkho: "Galimoto."

Mwini wake wa nthaka ya mu ufumu uno: "Ine." Pansi pake panali mizere itatu.

A Kachingwe anasolola pepala la Nankhoma n'kuliika pambali pa lapepolo. Nduna imasankhidwa bwanji: "Amfumu akadzuka bwino." Mwini nthaka: "Amfumu, mpaka ndi manda omwe." Anatsika ndi chala funso ndi funso. Akanakhala ana a m'kalasi mwawo, akanawaitana onse awiri n'kuwafunsa kuti waonera mnzake ndani.

Anapita ndi mapepala onse awiri kwa Mayi Matewere. Mayiwo anayang'ana inki ija, nachotsa magalasi, n'kuwaika m'chikwama.

"A Kachingwe, ine ndili ndi ana anayi. Pepala ili sindinalione."

"Komatu mwaliona, mayi."

"Maso anga akhala akuvuta kuyambira m'mawa. Funsani aliyense."

Komabe anatumiza uthenga kumtunda, ndipo ola lisanathe a Gwadani analowa m'holomo akupukuta khosi ndi mpango. Anakokera a Kachingwe kuseri kwa matumba.

"Aphunzitsi, musavutitse zinthu zosavuta. Chongani kuti wakhoza zonse."

"Ndichonga, bwana. Koma lamulo likuti yankho lofanana, malikisi ofanana. Matumba onsewa adzaza ndi mayankho ofanana ndi amenewa."

"Enawo ndi ziro."

"Ndiye kuti yankho likalembedwa ndi inki yapepo ndi loona, likalembedwa ndi yabuluu ndi labodza?"

"Ndendende! Mwaona, ndinu munthu wophunzira."

"Chabwino, bwana. Ingondilemberani kakalata, musayine, konena kuti mawu a Amfumu akatuluka pakamwa pa anthu awo amasanduka bodza. Ndikaike pamwamba pa kiyi."

A Gwadani anali atakhala nduna zaka khumi ndi zinayi chifukwa sanasayinepo kanthu. Anayang'ana kudenga, anayang'ana pansi.

"Nanga mukangochonga motsatira kiyi?"

"Pamenepo mwini pepalali wapeza ziro, ndipo lamulo munalemba nokha lija likuti wolephera sakhala pa mpando wina uliwonse waulemu. Sindikudziwa, bwana, ngati mu ufumu uno muli mpando waulemu woposa uja."

"Mukanene nokha," anatero a Gwadani. "Ine ndingokuperekezani."

M'mawa mwake a Kachingwe anakwera phiri koyamba m'moyo wawo. Anali ataphunzitsa za nyumba yachifumu zaka zonsezi, kuti zitseko zake ndi zotsegukira nzika iliyonse, ndipo anawerenga mageti asanu ndi limodzi asanafike pakhonde. Pokwerapo ankasinkhasinkha, pakuti mutu wa mphunzitsi sugona. Njira zinalipo ziwiri zokha. Kiyi akakhala momwemo, Nankhoma ataya benchi. Kiyi akasintha, benchi yapulumuka, koma pali pepala lina m'matumba muja, lolembedwa bwino kwambiri, lomalizidwa anthu asanasongole mapensulo, limene lidzatsika kuchoka pamwamba mpaka pansi penipeni. Anaima pang'ono pa geti lachisanu kuti apume. Kenako anapitiriza kukwera.

Bwalo linali lodzaza. Nduna zinakhala m'mizere, manja ali chire pamaondo. Mfumu inali yosangalala.

"Ndiwe wochonga? Nena, anthu amve. Ndapeza angati?"

A Kachingwe anagwada.

"Wamkulukulu, pepala lanu lasemphana ndi kiyi pa mafunso onse makumi asanu."

Nduna ina inayamba kuwomba m'manja mwachizolowezi, mnzake n'kuigwira mkono.

"Ukutanthauza chiyani?"

"Ndikutanthauza kuti pakati pa awiriwa, wina walakwa. Pepala lanu kapena kiyi."

"Ndiye wolakwa ndani?"

"Ine ndimachonga mayankho, Wamkulukulu. Sindinapatsidwe mphamvu yochonga mafumu kapena makiyi."

"Kiyi walakwa," inatero Mfumu mosavutika. "Anamusayina ndani?"

Kunja kunamveka nkhanga ya Mayi a Fuko ikulira.

"Munasayina ndinu, Wamkulukulu," anatero a Kachingwe, poona kuti palibe wina amene ali ndi pakamwa.

Mfumu inaganiza. Kuganiza kwake kunatenga nthawi, chifukwa aka kanali koyamba m'mibadwo itatu kuti Sindilakwa apezeke mbali zonse ziwiri za mlandu. Kenako nkhope yake inawala.

"Ndinasayina, sindinawerenge. Kusayina si kuwerenga. Wolakwa ndi wolemba."

A Gwadani, amene analemba kiyi uja, anachepa pampando wawo mpaka kutsala kolala yokha.

"Pali chinanso, Wamkulukulu," anatero a Kachingwe, natulutsa pepala lachiwiri. "Ili ndi la munthu wamba. Ndiloleni ndiwerenge limodzi ndi lanu."

Anawerenga funso, yankho la Mfumu, kenako la pepala linalo. Pa funso lachisanu Mfumu inagwedeza mutu. Pa lakhumi inamenya pa ntchafu. Atafika pa la manda lija, inatulutsa mpango.

"Ameneyu anaonera kwa ine?"

"Ayi, Wamkulukulu. Analembera mu shedi ya fodya, kumunsi. Ndipo oyankha chonchi alipo matumba mazana."

"Gwadani unandinamiza!" inafuula Mfumu, misozi ili m'maso. "Unati anthu anga ndi mbuli. Anthu anga amandidziwa! Amandidziwa mpaka kudzuka kwanga!" Inaimirira. "Lembani lamulo. Kuyambira lero pepala langa ndiye kiyi. Aliyense amene wayankha ngati ine wakhoza, ndipo aliyense..."

Manja analira ngati mvula pa malata. Nduna zinaimirira, zina kuliza mluzu, a Gwadani patsogolo pa onse, kufuna kubweza ulemu umene unatayika.

"...amene wayankha za m'buku labodzalo walephera."

Manja anapitiriza kulira pang'ono, chifukwa manja samva msanga. Kenako anayamba kutonthola awiriawiri. Nduna iliyonse inakumbukira sokosi yake. Koma lamulo lowomberedwa m'manja mu Zilibwino silibwezedwa, ndipo mlembi anali atathira kale chidindo.

"Nanga iwe mphunzitsi," inatero Mfumu mokoma mtima, "unayankha bwanji?"

"Za m'buku, Wamkulukulu. Zonse."

"Pepa," inatero Mfumu. "Ukawerenge."

A Kachingwe analoledwa kumaliza ntchito yochonga, popeza panalibe lamulo loletsa wosakhala nzika kuchonga ataimirira. Pepala loyamba kuchonga ndi kiyi watsopano linali la zilembo zopendekera lija. Anachonga funso ndi funso, dzanja likuyenda mopepuka. Pa funso lomaliza anaima. Linkafunsa kuti Mfumu ikalakwitsa chimachitika n'chiyani. Mfumu inayankha kuti funsolo ndi lolakwika. Nankhoma anayankha kuti nduna imodzi imapita kunkhalango. Mayankhowo sanali ofanana. A Kachingwe anathetha, nalemba pamwamba: makumi anayi ndi asanu ndi anayi.

Zotsatira zitatuluka, msika wa Nong'onezani unakhoza wonse, kupatula wogulitsa mabuku. Maofesi a mu Tavomera anatsala ndi alonda ndi ophika tiyi, ndipo anthu ena akuti ntchito zinayamba kuyenda msangako. Mfumu, mwa chifundo chake, inalola olephera kudzalembanso pakatha miyezi itatu. Vuto linali lakuti aphunzitsi onse a Sosho anali atalephera, ndipo buku latsopano linali lisanasindikizidwe. Aliyense wofuna kukhoza anayenera kupita kumene kunali odziwa.

N'chifukwa chake Lolemba lina masana, pa benchi yachitatu kuchokera pageti, Nankhoma anakhala pamalo pawo ndi chiphaso cha unzika chopachikidwa pa msomali, pakati pa masiketi ndi majekete. Patsogolo pawo, pa masaka oyalidwa pansi, panakhala amuna khumi ndi awiri a masuti, makope ali pamaondo. Mipando sankaloledwa. Kumapeto kwa mzere kunali a Kachingwe, pensulo ili kukhutu.

"Funso lotsatira," anatero Nankhoma, uku akupatsa kasitomala malaya kuti ayese. "Sukulu ya Dikirani ili ndi zipinda zophunziriramo zingati?"

A Gwadani anakweza dzanja. "Khumi ndi ziwiri, mayi."

"Zinayi. Ndi mitengo iwiri ya mango."

"Komatu ndinakatsegula ndekha zipinda khumi ndi ziwiri!"

"Munadula riboni pageti, bwana, n'kukwera galimoto. Lembani: zinayi."

A Gwadani analemba. Anafunsa ngati mitengoyo ailembenso, ndipo anauzidwa kuti alembe umodzi wokha, chifukwa winawo unagwa chaka chatha.

A Kachingwe ankayang'ana kalasi imeneyi ndi kaduka ka mphunzitsi. Palibe amene ankasinza. Palibe amene anapempha kupita kuchimbudzi. Amalonda oyandikana nawo ankathandiza kukonza mayankho, ogula ankaima n'kuwonjezerapo zawo, ndipo aliyense ankadziwa tsiku, malo ndi dzina. Ufumu wonse unali m'mitu ya anthu amenewa, mwatsatanetsatane, kuposa mmene unalili m'buku lililonse. Chinthu china chinayamba kuwayabwa mumtima. Anakweza dzanja.

"Eya, a kumapeto uko," anatero Nankhoma. "Inu obwereza."

Msika unaseka. A Kachingwe anaimirira monga ankaphunzitsira ana kuti wofunsa aziimirira.

"Aphunzitsi, zonsezi munkazidziwa. Msika wonse unkazidziwa, zaka ndi zaka. Nanga n'chifukwa chiyani tonse tinangokhala chete?"

Kuseka kunatha. Wa makala anasiya kuthira m'chigoba. Mayi wa tomato anayang'ana mnzake wa anyezi, wa anyezi n'kuyang'ana kuphiri. Amuna a masuti aja anagwira mapensulo m'mwamba, kudikira kuti alembe yankho.

Nankhoma anayang'ana mwamuna wawo. Kenako anasisita benchi yawo ndi chikhatho, ngati akuchotsa fumbi limene panalibe.

"Funso limenelo, bambo a Sungeni, ndi la kusekondale. Khozani kaye Sitandade 8." Anatembenukira kwa kasitomala uja. "Akukhalani malayawo, asisi. Ndi akale, koma sanang'ambike."